Mafupa Amene Ndinawiritsira Shifiti

Ndikamva fungo la kolorini, chimene chimabwera m'maso mwanga si chipatala, kapena ndowa zosamba m'manja zimene zinali pakhomo lililonse mu Kitwe chaka chimenecho. Ndimaona sefuliya yakale yopanda chogwirira ili pa mbaula kuseri kwa nyumba yathu ku Nkana West, madzi akubwadamuka, mafupa akugundana m'kati ngati timiyala. Mvula ikudontha kuchokera pa malata, ndipo kutsidya kwa utsi kwakhala galu wathu Shifiti, khutu limodzi lili chilili, mchira ukusesa simenti yonyowa. Ndinali ndi zaka 13, ndipo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti mu Kitwe monse munalibe galu wosamalidwa bwino ngati ameneyo.

Inali Januwale ya kolera. Ndinali nditakhoza mayeso a Giredi 7, yunifolomu ya ku sekondale ili kale pa msomali kuseri kwa chitseko, koma pa wayilesi analengeza kuti sukulu sizitsegulidwa. Anatchula tsiku lina, tsikulo litayandikira anatchulanso lina. Azimayi ogulitsa bowa ndi mango m'mbali mwa msewu anachotsedwa, ku tchalitchi tinasiya kupatsana moni wa m'manja, ndipo mango a pabwalo pathu ankangogwa n'kuwolera pansi chifukwa palibe mwana wa m'dera amene ankaloledwa kudzatola. M'mawa kunkanunkhira dothi lonyowa, masana fungo la zipatso zowola, ndipo pamwamba pa zonsezi panali kolorini: m'madzi akumwa, m'chikolopa, m'manja mwanga, mpaka mu tiyi.

Amama ndi namwino, ndipo nthawi imeneyo ankagwira ntchito ku kiliniki ya ku Ipusukilo. Ankachoka 06 isanakwane n'kubwera dzuwa litalowa. Akafika sankalola kuti ndiwayandikire. Nsapato ankazisiya m'beseni la mankhwala pakhonde, zovala m'ndowa, iwo n'kupita kubafa, ndipo akamatuluka amakhala atatopa moti nthawi zina ankagona supuni ili m'manja. Atate anali atasamutsidwira ku mgodi wina wakutali, kupitirira Solwezi, ndipo ankabwera kamodzi pamwezi. Amama anandisiyira lamulo limodzi, ndipo ankalibwereza m'mawa uliwonse akumanga lamba wa wotchi: chilichonse cholowa m'kamwa pakhomo pano chiyambe chawira. Ndinalilemba ndi zilembo zazikulu pa tsamba loyamba la kope langa, kope limene ndinkalembamo zochitika za tsiku lililonse chiyambire Giredi 5.

Mnzanga wapamtima anali Chanda, wa nyumba yoyandikana nafe. Masiku oyamba tinkacheza kudzera pa mpata wa mpanda wa maluwa, iye mbali yake ine mbali yanga, tikukambirana za nsapato zimene tidzavale tsiku lotsegulira. Koma amayi ake, amene tonse tinkawatchula Bana Chanda, ankaopa nyumba yathu chifukwa inali nyumba ya namwino wogwira odwala. Tsiku lina anamuitana kuti alowe, ndipo mawa lake pa mpata paja panali lata. Kuyambira pamenepo ndinkasewera chiyato ndekha pakhonde. Ndinkajambula bwalo ndi khala, kuponya mwala m'mwamba, kukokera timiyala kunja, kenaka n'kusinthira mbali inayo kuti ndisewere ngati Chanda. Ndinkamupatsa dala mwayi wopambana kuti masewera asathe msanga.

Wotsala nane anali Shifiti. Atate anabwera naye ali kamwana, m'mawa wina akuweruka shifiti ya usiku ku mgodi wa konkuno, atamuika m'chipewa chawo cholimba, ndipo dzina linachokera pomwepo. Anali wofiirira, wa miyendo yaitali, khutu limodzi lopindika. Agogo anga aamuna anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya ukalaliki ku mgodi, choncho kwathu m'nyumba timalankhula Chichewa, tikatuluka pa geti timalankhula Chibemba ngati wina aliyense. Shifiti ankamva Chichewa chokha. Ukamuuza kuti "isa" ankangokuyang'ana, koma ukati "bwera" ankathamanga. Mwezi umenewo panali masiku ambiri amene kuyambira m'mawa mpaka madzulo sindinalankhule ndi wina aliyense chinenero cha kwathu kupatula iyeyo. Ndinkamuwerengera buku la sayansi la Giredi 8 limene Amama anandigulira, iye atatsamiritsa mutu pa phazi langa.

M'kanyumba ka kuseri, kamene kale kanali ka wantchito, munkakhala aBanda ndi akazi awo ndi mwana wawo Tisa, wa zaka zinayi. ABanda ndi Akatolika a ku Katete. Anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka msana unawakana, ndipo pambuyo pake ankaotcha nyama ya mbuzi pafupi ndi malo okwerera mabasi. Malonda a m'misewu ataletsedwa anatsala ndi nyama yambiri, imene anaisunga mu firiji yathu n'kumadya pang'onopang'ono. Tsiku lina anatuluka ndi mbale ya mafupa osaphika amene anasengapo nyama, nati, "Iwe mwana wa anesi, mpatse mnzakoyu agugude, akungoyasamula apa." Ndinathokoza ndi manja awiri, koma nditayang'ana mafupawo, ofiira, ntchentche zitayamba kale kuzungulira, ndinakumbukira lamulo la Amama. Shifiti nayenso anali wa pakhomo pano. Nayenso anali ndi kamwa.

Ndi mmene inayambira ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ndikamaliza kukolopa ndi kuwiritsa madzi akumwa, ndinkaika sefuliya yakale ija pa makala otsala. Mafupa ndinkawawiritsa ola lathunthu, ndikuyang'ana wotchi ya kukhitchini, kenaka n'kuwayanika pa waya pamwamba pa moto mpaka atauma gwa, oyera ngati choko, kuti ntchentche zisapezepo potera. ABanda ankaseka akandiona. Ankaitana akazi awo kuti adzaone, akuti, "Amake Tisa, taonani, galu wa kuno adya za ku hotela. Mawa adzafuna foloko." Ine sizinkandikhudza. Ndinkaona agalu a anthu ena akufukula m'maenje a zinyalala, ndipo ndinkawamvera chisoni chifukwa analibe wowawiritsira. M'kope ndinkalemba mosamala ngati mmene Amama amalembera za odwala: tsiku, chimene Shifiti wadya, mphindi zimene chawira.

Sabata yachiwiri ndinaona kuti akuvutika pochita chimbudzi. Ankazungulira pansi pa mtengo wa mapeyala, kukhala, kudzuka, kukhalanso, ndipo chotuluka chinali cholimba, choyera, tsiku lina chili ndi kamzere ka magazi. M'mutu mwanga munali matenda amodzi okha, amene ankanenedwa pa wayilesi ola lililonse, ndipo ndinaganiza kuti tizilombo tina tapulumuka m'madzi otentha aja. Ndinalemba kuti, "Kuyambira mawa, ola limodzi ndi theka." Tsamba limenelo ndikadali nalo, ndipo mpaka lero ndikaliona ndimafulumira kutembenuza.

Linali Lachiwiri masana pamene ndinamupatsa nthiti ya mbuzi. Anapita nayo pakapinga, ndinamva kuti khoo, kenaka kulira kamodzi kokha, kwakufupi. Anadzuka, kupukusa mutu, kukwecha pakamwa pa udzu, kukanda tsaya ndi phazi lakutsogolo. Ndinamuitana, anabwera, anagwedeza mchira, ndipo ndinaganiza kuti zatha. Madzulo sanakhudze chakudya chake. Lachitatu dovu linayamba kuchucha. Ankapita pa mbale ya madzi, kunyambita kamodzi, n'kubwerera m'mbuyo ngati madziwo amuluma. Ndinafuna kuuza Amama, ndinakonza ndi mawu omwe, koma tsiku limenelo anabwera maso ali ofiira, anati ku kiliniki kwamwalira mwana, ndipo sanadye. Ndinaona kuti nkhani ya galu wosadya ingakhale yopanda ulemu. Ndinangochotsa mbale pa tebulo.

Lachinayi m'mawa, Amama atapita, Shifiti anali wina. Dovu linali litalendewera ngati zingwe, thovu m'mbali mwa kamwa, maso olowa. Kamwa silinkatsekeka bwino. Tisa anatuluka ndi chigumu m'manja n'kuthamangira kukamugwira khutu monga ankachitira masiku onse, ndipo Shifiti, amene anali asanaopsezepo mwana, anabangula moonetsa mano. Sanamulume, koma Tisa anagwa chagada n'kuyamba kukuwa. Bana Chanda anali akuyanika zovala. Anasuzumira pamwamba pa mpanda, anaona thovu lija, ndipo anafuula mu Chibemba kuti msewu wonse umve: "Imbwa yapena!" Galu wapenga. Mawu amenewo anayenda mofulumira kuposa mmene ndinkaganizira. Anthu amene kwa milungu itatu sankayandikira geti lathu anadzadza pomwepo, ena atanyamula miyala.

Shifiti anathawira m'garaja, pansi pa galimoto ya Atate. Garaja yathu ili ndi chitseko cha waya, ndipo sindikumbukira kuganiza chilichonse, ndimangokumbukira kuti ndinachikoka, ndinatseka loko, kiyi n'kumuponya m'kati mwa diresi langa. Nditatembenuka, aBanda anali ataima patsogolo panga ndi mpini wa piki. Sanali okwiya, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa kwambiri. Analankhula motsitsa, kuti anthu a pa geti asamve.

"Mwanawe, patse kiyi. Lowa m'nyumba, utsegule wayilesi mokweza. Sindichedwa."

"Sanalume munthu, aBanda."

"Lero sanalume. Ine chiwewe ndinachiona ndi maso angawa ku Katete, chinatenga msuweni wanga. Anamumanga ndi zingwe pa bedi, munthu wamkulu ndi ndevu zake. Galu wake anayamba chonchi, dovu, kuopa madzi. Ukufuna ndidikire mpaka akhale Tisa?"

Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo zinali m'buku langa la sayansi lomwe lija. Galu wachiwewe amachucha dovu, amakana madzi, amasintha khalidwe. Ndinayang'ana kudzera pa waya. Pansi pa galimoto ndinkaona maso awiri ndi phazi likukanda tsaya, kukanda, kukandanso, mbali imodzimodzi. Phazi limenelo ndi limene linandikumbutsa Lachiwiri. Ndinapempha aBanda kuti andilonjeze kuti saswa loko mpaka nditabwera, ndipo anavomera ndi mutu. Ndinathamangira m'nyumba, ndinatenga kope langa, ndinatsitsanso chitini cha mabisiketi chimene Atate amasungamo mapepala, ndipo pansi pa makalata a ubatizo ndinapeza khadi la katemera la Shifiti.

Kope limenelo anali asanaliwerengepo munthu aliyense. Munali zinthu za Chanda, za mmene ndinkasowera Atate, ndi mapemphero amene ndinkachita nawo manyazi. Koma ndinaima pakhomo la garaja, mvula itayamba kuwaza, n'kuwerenga mokweza tsamba la Lachiwiri: nthiti ya mbuzi, ola limodzi ndi theka, walira kamodzi, akukanda tsaya lakumanzere, sanadye. Wina pa geti anaseka. ABanda sanaseke. Anatenga khadi lija, analitalikitsa ndi maso monga amachitira anthu akuluakulu, n'kuwerenga chidindo cha mwezi wa Ogasiti. Kenaka anati katemera ndi katemera, koma iwo sangaike moyo wa mwana wawo pa kapepala. Adikira mpaka Amama abwere, osapitirira 16 awazi, 4 koloko madzulo, ndipo galu akangoyesa kutuluka, nkhani yatha. Anatulutsa foni yawo n'kuimbira Amama okha, kangapo, mpaka anayankha.

Maola amene anatsatira ndi amene ndimawakumbukira kwambiri pa nyengo yonseyo. ABanda anatembenuza ndowa n'kukhalapo mbali imodzi ya chitseko, mpini uli pamaondo. Ine ndinakhala pa njerwa mbali inayo, kope lili m'kati mwa juzi. Anthu a pa geti anatopa ndi mvula n'kumwazikana. Madzi ankayenda m'ngalande atanyamula masamba ndi mango owola, ndipo m'garaja munkamveka kupuma kolemera. Nthawi ina Amake Tisa anabweretsa makapu awiri a tiyi, anapereka imodzi kwa amuna awo, inayo anaiika pansi pafupi ndi ine osandiyang'ana. ABanda anamwa pang'ono, nati, "Ndi wa madzi owiritsa, usaope." Ndinafuna kuseka koma m'malo mwake ndinalira, ndipo iwo anayang'ana kumbali mpaka nditamaliza. Munthu amene anakonzeka kupha galu wanga ndi yemweyo amene anakhala nane nthawi yaitali kuposa wina aliyense mwezi umenewo.

Amama anafika cha m'ma 14, ali m'galimoto ya dokotala wa ziweto amene anamupeza kudzera mwa mnzawo wa kuntchito. Dokotalayo anali mayi wamfupi wovala majombo, wolankhula mofulumira. Anatiuza tonse kuti tiime patali, anavala magolovesi aatali, ndipo anakola Shifiti ndi ndodo ya chingwe kumapeto n'kumubaya jakisoni wogonetsa. Atagona, anamukokera poyera, anatsegula kamwa ndi kuunikamo ndi tochi. Fungo limene linatuluka linandibweza m'mbuyo. Dokotala anangoti, "Ehe," n'kutenga chopanira chachitsulo. Anagwira china chake, anapotoza pang'ono, ndipo chinatuluka: chibenthu cha nthiti chotalika ngati chala changa, chosongoka mbali zonse ziwiri. Chinali chitapingasa kumwamba kwa kamwa, chitadzikhoma pakati pa mano akumbuyo a kumanzere ndi a kumanja, nsonga imodzi italowa mu nkhama zimene zinali zitatupa ndi mafinya. Kwa masiku awiri Shifiti ankalephera kumeza ngakhale malovu ake.

Dokotala anakweza fupalo m'mwamba, analozetsa kumpanda kumene Bana Chanda anali akusuzumira, kenaka analiyang'anitsitsa n'kulithyola ndi zala ziwiri. Linathyoka ngati bisiketi. Anafunsa kuti ndani wakhala akuphikira galu mafupa. Ndinakweza dzanja ngati ndili m'kalasi. Sanandikalipire. Anandiitana pafupi n'kundionetsa m'mphepete mwa chibenthucho, mmene munali mwakuthwa. Anati fupa likaphikidwa limauma, ndipo galu akaliluma silinyenyeka koma limasweka ngati mbale yadothi. Zibenthu zake zimakhoma m'kamwa, zimatsamwitsa, zina zimatsika n'kukaboola matumbo, ndipo chimbudzi choyera chija chinali mafupa odzadzana m'mimba. Anati ndinachita mwayi kuti ichi chinaima pamene dzanja lingafike. ABanda anafunsa ngati ndiye kuti osaphika aja anali bwino, ndipo dokotala anapukusa mutu. Anati osaphika amathyola mano ndipo amabwera ndi tizilombo tawo, ngakhale aja ouma a m'mapaketi ogulitsa m'masitolo akuluakulu anawachotsapo pakhosi pa agalu a anthu olemera. "Galu safa chifukwa chosowa fupa," anatero akuvula magolovesi. "Ndife anthu timaganiza kuti sangakhale popanda ilo."

Ananenanso chinthu china chimene sindinachikonde tsiku limenelo. Anati aBanda sanalakwe kuopa, ndipo munthu asadzayerekeze kulowetsa dzanja m'kamwa mwa galu wochucha dovu, ngakhale akhale wake. Anasiya mankhwala, nalamula kuti Shifiti akhale wotsekeredwa masiku khumi kuti aliyense atsimikize. ABanda anatenga mpini wawo n'kukauimika kuseri kwa kanyumba kawo. Pobwerera anaima pafupi ndi galu wogonayo, anavula chipewa, n'kunena kuti mafupawo anali awo.

Madzulo amenewo Amama anachita zonse monga mwa masiku onse, nsapato m'beseni, zovala m'ndowa, kubafa. Atatuluka anandipempha kope. Anawerenga masamba a sabata imeneyo ataimirira, kenaka anakhala pansi. "Kuyambira Lachiwiri, osandiuza?" Ndinati munali otopa. Anatseka kope, analiika pamwendo, ndipo anakhala akulisisita ndi chikhatho ngati akuwongola nsalu. Patapita nthawi anati lamulo lija anapangira anthu, ndipo anaiwala kuti akusiya pakhomo mwana amene amamvera mpaka kumapeto. Atate titawaimbira, anadabwa. Anati iwo chibwerere Shifiti sanamupatsepo fupa ngakhale limodzi, amawakulunga m'nyuzipepala n'kukataya m'bini ya chivindikiro, chifukwa ali mnyamata anaona galu wa kwawo akufa nalo pakhosi. "Sunkaona?" anandifunsa. Sindinkaona. Iwo sananenepo, ine sindinafunsepo.

Masiku khumi aja ndinawathera pa njerwa ija. Ndinkamuphikira phala losalala la mgaiwa losakaniza ndi tinsomba ta kapenta tosinja, n'kulilowetsa pansi pa chitseko. Tsiku lachitatu anayamba kudya bwino, lachisanu anauwa njinga imene inkadutsa, ndipo kuyambira pamenepo ankakanda waya kufuna kutuluka. Ankatulutsa mphuno pa kabowo, ine n'kumuuza masiku otsala. Dokotala anabweranso pa tsiku lomaliza, anamuyang'ana m'kamwa, nati ali bwinobwino. Ndinatsegula loko ndekha. Anathamanga kuzungulira nyumba katatu, n'kudzagwa pamapazi anga ali wefuwefu, ndipo ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Koma msewu wathu unali utagamula kale. Anthu ambiri anamva kufuula kwa Lachinayi lija, ochepa okha ndi amene anaona fupa. Ana ankadutsa pa geti akuthamanga, ena akuponya miyala pa malata. Wogulitsa makala anakana kulowa. Amake Tisa, ngakhale anaona zonse ndi maso awo, ankamunyamula Tisa Shifiti akangoyandikira, ndipo sindikanawaimba mlandu. Sukulu zitatsegulidwa ndinkayenda ndi Chanda m'mawa, koma ankandidikirira pa kona, chifukwa amayi ake ananena kuti sadzaponda pakhomo pathu galu ameneyo ali pomwepo. Kenaka tsiku lina tinapeza nyama yokulungidwa m'pepala itaponyedwa m'kati mwa mpanda. ABanda ndi amene anaiona msanga, anainunkhiza, anati ili ndi poizoni, n'kukaikwirira mozama. Atate atabwera kumapeto kwa mwezi, aBanda anawatengera pambali, ndipo Loweruka lotsatira tinakweza Shifiti m'galimoto.

Amalume anga ali ndi kamunda kunja kwa Ndola, ndipo anavomera kumusunga. Ulendo wonse Shifiti anagoneka mutu pamwendo panga, akudzuka pokhapokha tikadutsa malole. Atate ankayesa kundisangalatsa, akuti kumeneko kuli malo othamanga, kuli nkhuku zoti azilondera. Ndinkavomera. Titafika anatsika, ananunkhiza paliponse, ndipo pamene tinkabwerera amalume anachita kumugwira ndi chingwe. Sindinayang'ane m'mbuyo. Kunyumba ndinatsuka mbale yake n'kuiika pamwamba pa kabati, ndipo kwa milungu ingapo ndikaweruka kusukulu ndinkatsegulabe geti pang'onopang'ono, monga ndinkachitira kuti asathawire kumsewu.

Tsopano ndili Giredi 12, ndipo ndikufuna kudzaphunzira za udokotala wa ziweto ngati ndikhoza bwino. Ndikaganiza za nyengo ija, chimene chimandivuta si chakuti ndinalakwitsa, koma chakuti ndinalakwitsa mosamala kwambiri, ndi wotchi m'manja, tsiku lililonse ndikuwonjezera. Ndikanakhala waulesi, mwina Shifiti akanakhalabe kwathu. Pakhomo pathu aliyense ankadziwa kachidutswa kake: Atate ankadziwa za mafupa, Amama ankadziwa chifukwa cha lamulo lawo, ine ndinkadziwa za Lachiwiri, ndipo aliyense anasunga chake poganiza kuti akupeputsira mnzake. Ndinaphunzira kufunsa, ndiponso kunena, ngakhale munthu atatopa, ngakhale akhale wamkulu.

Ku Ndola ndimapita tchuthi chilichonse. Shifiti wakalamba, pakamwa pachita imvi, koma akamva ndikumuitana ndili kumsewu amabwera akutsimphina. Kwa amalume amapha nkhuku ndikafika, ndipo tikamaliza kudya ndimadzuka msanga, ndisanauzidwe, n'kuzungulira ndi mbale kutolera mafupa kwa aliyense, kuyambira kwa amalume omwe. Ulendo woyamba azakhali, akazi a amalumewo, anali atatambasula kale dzanja kuti aponye chiuno cha nkhuku pabwalo, ndipo ndinachita kuwagwira mkono, chinthu chimene mwana saloledwa kuchita. Anandiyang'ana modabwa, ine n'kugwada n'kufotokoza zonse kuyambira pachiyambi. Mpaka lero amandiseka. Alendo akabwera amandilozera, akuti uyu ndi mwana wa ku Kitwe uja amamana galu fupa. Koma anandilonjeza, ndipo amalume anakumba dzenje lakuya kuseri kwa khola n'kuikapo chivindikiro chachitsulo.

Ndikamapita kudzenjeko ndi mbale, Shifiti amanditsatira pambuyo, mphuno ili m'mwamba. Ndimakhuthula, ndimabwezera chivindikiro, n'kuikapo mwala. Iye amakhala pansi, amayang'ana chivindikirocho, kenaka amandiyang'ana ine ngati munthu amene wamulakwira kwambiri, ndipo palibe Chichewa chimene ndingamufotokozere nacho. Ndimangokhala naye pamenepo mpaka atandikhululukira. Sachedwa.